Mmene mungaphunzirire mbiri ya a Maya, a Aztec ndi a Inca osayambira pa Columbus

Mwana wa achemwali anga anabwera tsiku lina madzulo ndi kope lake ati ankolo ndithandizeni, mayeso a histole ayandikira koma a Maya, a Aztec ndi a Inca akungondisakanikira mmutu ngati ndi anthu amodzi. Nditatsegula kopelo mzere woyambirira unali woti Columbus anatulukira America mu 1492, zina zonse zimabwera pambuyo pake, ngati kuti anthu aja amangokhala pagombe kudikira sitima kuti moyo wawo uyambe. Zinandiwawa ndithu chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda kuyambira kalekale, ndipo mwanayo sanali waulesi ayi, vuto linali poyambira. Nde tinakhala madzulo angapo pa tebulo ndipo njira yomwe tinatsata ndi imene ndikufuna ndikupatseni, kaya ndinu mwana wa sukulu, kaya mphunzitsi, kaya mumangofuna kudziwa basi.

Zofunika ndi zochepa: mapu a America yonse olo a pa foni, pepala lalitali kapena mapepala awiri omata, lula, pensulo, nyemba zouma dzanja limodzi, timitengo ta machesi, ndi chingwe chofewa chomwe chingamangike mfundo.

Yambani ndi mapu, musawerenge kalikonse kaye. Ikani chala pa Mexico City, pamenepo ndi pomwe panali Tenochtitlan, likulu la a Aztec, eni akewo ankadzitchula kuti Mexica ndipo chiyankhulo chawo ndi Nahuatl. Tsetserekani kummawa ndi kummwera pang'ono mufike ku Yucatán, Guatemala, Belize ndi mbali ya Honduras ndi El Salvador, uko nde kwa a Maya. Kenako dumphani ulendo wautali zedi mpaka ku South America, mapiri a Andes, mzinda wa Cusco ku Peru, uko nde kwa a Inca, ufumu wawo ankautcha Tawantinsuyu kutanthauza zigawo zinayi, unayambira kummwera kwa Colombia mpaka pakati pa Chile ndipo boma linkayendetsedwa m'chiyankhulo cha Quechua. Mukangoona mtunda womwe uli pakati pa Mexico ndi Peru simudzawasakanizanso anthuwa. Pamapu omwewo onjezani zilumba za Caribbean komwe kunkakhala a Taíno, ndi kadontho kena pafupi ndi St. Louis ku United States, pomwe panali mzinda wa Cahokia cha m'ma 1050 mpaka 1350, wokhala ndi chulu chomanga ndi manja cha dothi chotalika pafupifupi mamita 30. Anthu ambiri kumpotoko amakuiwala ngati kunali tchire lokhalokha, pomwe kunali mizinda, kunalinso mgwirizano wa mitundu isanu wa Haudenosaunee womwe unali ndi malamulo ake ndi bwalo lake la mafumu.

Chachiwiri ndi chomwe chinamutsegula maso mwana uja. Tengani pepala lalitali lija mujambule mzere wa masentimita 50, sentimita iliyonse ikhale zaka 100, kuyambira 3000 BC kumanzere mpaka 2000 kumanja. Kufupi ndi poyambira lembani Caral, mzinda wa ku Peru wa mapiramidi womwe unalipo cha m'ma 2600 BC. Cha pa sentimita 18 mpaka 26 lembani a Olmec a kugombe la Gulf of Mexico, 1200 mpaka 400 BC, omwe anasema mitu ikuluikulu ya miyala ku San Lorenzo ndi La Venta, yomwe yapezeka ilipo 17. Pitirirani mulembe Teotihuacan, mzinda wa anthu oposa 100,000 womwe unali pachimake pakati pa 100 ndi 550, ndipo chongani apa chifukwa ambiri amalakwitsa, Teotihuacan sanamange ndi a Aztec, iwo anaupeza uli kale mabwinja nkuupatsa dzinalo. Nthawi ya mizinda yotchuka ya a Maya monga Tikal, Calakmul, Palenque ndi Copán ndi 250 mpaka 900, imeneyo ikudya masentimita 6 ndi theka. Tsopano lembani a Aztec: Tenochtitlan inakhazikitsidwa mu 1325 koma ufumu weniweni unayamba mu 1428 pomwe inagwirizana ndi mizinda ya Texcoco ndi Tlacopan, nkugwa mu 1521. A Inca anayamba kukula ndi mfumu Pachacuti cha m'ma 1438. Muona kuti maufumu awiri otchukawa aliyense sakukwana olo sentimita imodzi, anali maufumu atsopano okhala pamwamba pa mbiri yakale kwambiri. Ndipo Columbus akugwera pa sentimita 45, kwangotsala 5 kuti pepala lithe. Mwana uja anayang'ana mzerewo kwa kanthawi nkufunsa kuti nanga kumanzere kwa Caral kuli chani, ndinamuuza kuti kuti tilembe pomwe anthu anayamba kulima chimanga kummwera kwa Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte, tikufunika masentimita ena 40, ndipo kuti tifike pomwe anthu anali atafika kale ku Chile zaka zoposa 14,000 zapitazo ndekuti pepala litsika pa tebulo.

Pansi pa mzerewo lembani mbewu zomwe anthuwa anaweta kuchokera kutchire, chimanga, nyemba, maungu, chinangwa, mbatata, mbatatesi, mtedza, tomato, tsabola, mapeyala, nanazi, koko, fodya. Mndandanda umenewu ndi umboni wa nzeru kuposa piramidi iliyonse kwa ine, chifukwa teosinte ali ndi timbewu tochepa tolimba ngati timiyala ndipo kuti afike pokhala chisononkho chodzadza panafunika mibadwo ndi mibadwo ya alimi osankha mbewu.

Tsopano tulutsani nyemba ndi machesi, apa nde pokoma. Mbiri ya anthu imalowa mmutu bwino ukagwira ndi manja chinthu chomwe iwo ankachita, nde tiwerenga ngati a Maya. Anali ndi zizindikiro zitatu zokha, kadontho ndi 1, kamzere kogona ndi 5, chigoba cha nkhono ndi ziro. Nyemba imodzi ikhale kadontho, kamtengo ka machesi kakhale kamzere, ziro mupeze kabatani kapena chotsekera botolo. 3 ndi nyemba zitatu, 7 ndi kamtengo kamodzi ndi nyemba ziwiri pamwamba pake, 19 ndi timitengo titatu ndi nyemba zinayi, ndipo apa nde pothera chifukwa iwo ankawerenga m'magulu a 20, zala za kumanja ndi za kumapazi. Jambulani mabokosi atatu osanjikizana, lapansi ndi la imodziimodzi, lapakati nyemba iliyonse ndi 20, lapamwamba nyemba iliyonse ndi 400. Kuti mulembe 20 ikani nyemba imodzi pakati ndi kabatani pansi, mukaiwala kabataniko munthu awerenga 1, ndipo mwaona nokha chifukwa chake ziro anali wofunika. 47 ndi nyemba ziwiri pakati, kamtengo ndi nyemba ziwiri pansi. Yesani kuwonkhetsa 47 ndi 18: thirani timitengo titatu ndi nyemba zitatu mu bokosi lapansi, mukhala ndi timitengo tinayi ndi nyemba zisanu, nyemba zisanuzo zisintheni ndi kamtengo kamodzi, timitengo takwana tisanu, chotsani tinayi muike nyemba imodzi mu bokosi lapakati. Zatsala nyemba zitatu pakati ndi kamtengo kamodzi pansi, 65, simunalembe olo nambala imodzi. Mwana uja atazolowera ndinamuuza kuti iwe tandiikira 1492, anavutika pang'ono koma anaipeza, nyemba zitatu pamwamba ndi 1,200, pakati 14 ndi 280, pansi 12. Dziwani chabe kuti powerenga masiku a kalendala bokosi lachitatu limakhala la 360 osati 400, kuti liyandikire chaka.

Kalendalayo musaiope. Inalipo ya masiku 260, manambala 13 kuzungulira ndi mayina a masiku 20, ndi ina ya masiku 365, miyezi 18 ya masiku 20 kuphatikiza masiku 5 otsalira. Ziwirizi zimayenda limodzi ndipo tsiku lomwelo limabwereranso pakatha masiku 18,980, zomwe ndi zaka 52, tengani kakyuleta muchulukitse 52 ndi 365 kenako 73 ndi 260 muona kuti yankho ndi limodzi. Panalinso kawerengedwe kakatali komwe gawo lake lalikulu ndi masiku 144,000, ndipo phokoso lonse lija la pa 21 December 2012 loti dziko likutha linali chabe kutha kwa gawo la nambala 13 ndi kuyamba kwa lina. Ndi kawerengedwe kameneka komwe kamatithandiza kudziwa kuti mfumu Pakal ya ku Palenque inalamulira kuyambira 615 mpaka 683, zinalembedwa pa miyala ndi eni ake.

Mukatopa ndi nyemba tengani chingwe mupite ku Andes. A Inca analibe zilembo ngati za a Maya koma ankasunga kaundula wa anthu, msonkho ndi katundu wa m'nkhokwe pa zingwe za mfundo zotchedwa khipu, ndipo iwo ankawerenga m'magulu a 10. Mangani chingwe chimodzi chopingasa, china muchilendewetse pansi. Kufupi ndi kumwamba ndi malo a mahandiredi, pakati ndi a makumi, kunsonga ndi a imodziimodzi. Pa mahandiredi ndi makumi mumanga mfundo wamba zowerengeka, kunsonga mumanga mfundo imodzi yaitali yozunguliza chingwe maulendo okwana nambalayo, 1 yekha ali ndi mfundo yake yooneka ngati 8, ndipo ziro ndi malo opanda mfundo. Mangani 168: mfundo imodzi kumwamba, zisanu ndi imodzi pakati, yozunguliza maulendo 8 kunsonga. Chingwe chimenechi chisungeni pambali, nambalayo tikumana nayo posachedwa. Pomwe mukumanga ganizirani kuti zingwe zoterezi zinkathamanga ndi anyamata otchedwa chaski molandirizana pa misewu ya makilomita oposa 30,000 yodutsa m'mapiri, dziko lopanda mahatchi ndi ngolo, lopanda ndalama, msonkho wake unali ntchito yomwe banja lililonse limagwirira boma mosinthana yotchedwa mit'a, ndipo boma limasunga chimanga, nsalu ndi mbatatesi zoumitsa ndi chisanu m'nkhokwe zambirimbiri m'mbali mwa misewu.

Musawapange angelo anthuwa, zimenezo nazonso ndi kusawalemekeza. Mizinda ya a Maya inkamenyana yokhayokha, Tikal ndi Calakmul anali adani kwa mibadwo, ndipo a Maya sanakhalepo pansi pa mfumu imodzi. A Aztec ankapereka anthu nsembe, zigaza zake zinafukulidwa pafupi ndi Templo Mayor, kachisi wawo wamkulu, mu Mexico City, ankakhometsanso msonkho wowawa kwa mizinda yomwe anaigonjetsa. A Inca ankasamutsa midzi yathunthu yomwe imavuta. Lembani zimenezi penapake chifukwa mukapanda kuzidziwa zomwe zikubwerazi simuzimvetsa. Koma lembaninso kuti Tenochtitlan unali mzinda wa pa chilumba pakati pa nyanja ya Texcoco, wa anthu mwina 200,000, wa misewu yodutsa pamadzi, ngalande yobweretsa madzi akumwa kuchokera ku Chapultepec, minda yomanga pamadzi osaya yotchedwa chinampa yomwe imakololedwa kangapo pachaka, ndi msika waukulu wa Tlatelolco pomwe njere za koko zimagwira ntchito ngati ndalama.

Pokhapo tsopano mulole sitima zifike. Zaka zoloweza ndi zochepa. Cha m'ma 1000 anthu a Norse, ochokera kumpoto kwa Ulaya, anafika ku Newfoundland ku Canada pa malo otchedwa L'Anse aux Meadows koma sanakhalitse. Pa 12 October 1492 Columbus ndi sitima zitatu anafika pa chilumba cha Guanahani ku Bahamas, iye amafuna njira ya ku Asia ndipo nchifukwa chake anthuwo anawatcha Indios. Mu 1494 Spain ndi Portugal anagawana dziko pa pangano la Tordesillas pojambula mzere pa nyanja ya Atlantic, eni nthaka osafunsidwa, ndipo Mpwitikizi wina dzina lake Cabral atafika ku Brazil mu 1500 gombelo linagwera mbali ya Portugal, nchifukwa chake kumeneko amayankhula Chipwitikizi. Dzina loti America linaoneka pa mapu a Waldseemüller mu 1507 kuchokera kwa Amerigo Vespucci. Mawu oti anatulukira afufuteni mu kope mulembe kuti anafika.

Musathamangire ku Mexico musanaime pa zilumba za Caribbean, chifukwa zonse zomwe zinadzachitika kumtunda zinayesedwa kaye pa a Taíno. Ku Hispaniola, komwe lero ndi Haiti ndi Dominican Republic, anthu anakakamizidwa kubweretsa golide, kenako anagawidwa kwa atsamunda pa dongosolo la encomienda, loti mzungu apatsidwe anthu omugwirira thangata iye nkumati akuwaphunzitsa Chikhristu. Njala, nkhanza ndi matenda zinawatha pa zaka makumi ochepa chabe, ndipo atachepa nde panayamba kubweretsedwa akapolo ochokera ku Africa kuti agwire m'migodi ndi m'minda ya nzimbe. Kuyambira 1513 panali chikalata chotchedwa Requerimiento chomwe chimawerengedwa kwa eni dziko m'Chisipanishi, nthawi zambiri popanda womasulira, chowauza kuti agonjere mfumu ya Spain ndi tchalitchi apo ayi nkhondo ndipo mlandu ukhala wawo. Ndimafuna aliyense wophunzira nkhaniyi aime kaye pamenepa aganizire munthu ataima pa khomo pake akumva mawu omwe sakuwadziwa ndipo mawuwo ndi chilolezo chomuphera.

Tsopano funso lomwe limabwera pa mayeso ndiponso m'macheza: zinatheka bwanji kuti anthu ochepa chonchija agwetse maufumu akuluakulu? Yankho lachidule loti anali ndi mfuti ndi mahatchi ndi loperewera. Pa nkhondo iliyonse dzifunseni mafunso atatu, ndani anamenya mbali ya a ku Spain, matenda anali atafika kapena ayi, ndipo mu ufumumo munali mtendere kapena mkangano. Tiyese ndi Mexico. Hernán Cortés anafika mu 1519 ndi asilikali pafupifupi 500 ndi mahatchi 16. Anali ndi omasulira awiri, Gerónimo de Aguilar yemwe anakhala zaka 8 pakati pa a Maya sitima yake itasweka, ndi mtsikana Malintzin yemwe anaperekedwa ngati kapolo ku Tabasco ndipo amadziwa Nahuatl ndi chiyankhulo cha a Maya, nde mawu amachoka kwa Cortés kupita kwa Aguilar kupita kwa Malintzin nkufika kwa eni dziko, popanda mayi ameneyu palibe mgwirizano womwe ukanatheka. A Tlaxcala, adani akale a Aztec, anayamba amenyana naye kaye kenako anaona kuti mlendoyu angawathandize kuthyola goli la Tenochtitlan nkugwirizana naye. Analowa mu mzindawo pa 8 November 1519, anamugwira Moctezuma, mfumu ya a Aztec, mu May 1520 Pedro de Alvarado, mmodzi wa atsogoleri a asilikali a Cortés, anapha anthu omwe amavina pa chikondwerero cha Toxcatl, mzinda unawaukira ndipo usiku wa pa 30 June 1520 a ku Spain anathawa, mazanamazana anafera m'ngalande ena atalemedwa ndi golide. Onani bwino apa, mfuti ndi mahatchi anali nazo koma anagonja. Chomwe chinasintha zinthu ndi nthomba yomwe inalowa mu mzinda chaka chomwecho nkupha anthu osawerengeka kuphatikizapo mfumu yatsopano Cuitláhuac yomwe inangolamulira masiku pafupifupi 80. Pobwerera mu 1521 Cortés anali ndi ankhondo a Tlaxcala, Texcoco ndi mizinda ina okwana masauzande makumimakumi, maboti 13 omwe matabwa ake anasenzedwa ndi a Tlaxcala kudutsa mapiri, anadula ngalande ya madzi akumwa, ndipo mzinda wa njala ndi matenda unapirirabe pafupifupi miyezi itatu mpaka mfumu yawo yomaliza Cuauhtémoc anagwidwa pa 13 August 1521.

Tengani chingwe chija cha 168, imeneyo ndi nambala ya anthu omwe Francisco Pizarro anali nawo ku Cajamarca ku Peru pa 16 November 1532. Funsaninso mafunso atatu aja. Mfumu ya a Inca Huayna Capac inali itamwalira cha m'ma 1527 ndi mliri womwe ambiri amati inali nthomba, ana ake Huáscar ndi Atahualpa anamenyana nkhondo yapachiweniweni yolimbirana mpando, ndipo Pizarro anafika Atahualpa atangopambana kumene, dziko lili ndi mabala. Atahualpa analowa pa bwalo la Cajamarca ndi anthu masauzande ambiri mwa iwo opanda zida, a ku Spain atabisala m'nyumba zozungulira, anawavumbulukira nkupha khamu ndi kumugwira. Atahualpa analonjeza kudzadza chipinda ndi golide kamodzi ndi siliva kawiri, chumacho chinabweradi, koma anamuphabe mu July 1533. Mitundu ngati Cañari, Huanca ndi Chachapoya yomwe inali ndi chakukhosi ndi a Inca inathandiza alendowo. Nkhani yake ndi yofanana ndi ya ku Mexico, ndipo omwe anathandizawo sankadziona ngati ogulitsa mtundu, iwo amamenya nkhondo yawo ndi mdani yemwe amamudziwa, za mawa lake sakanaziona.

Za matenda muzifotokoza mosamala. Nthomba, chikuku ndi chimfine zinali zachilendo ku America nde matupi analibe chitetezo, ku Mexico kunabweranso miliri yoopsa mu 1545 ndi 1576, ndipo m'madera ena anthu 8 kapena 9 mwa 10 aliwonse anatha pa zaka 100. Koma musanene ngati inali ngozi chabe yopanda wolakwa, munthu wolandidwa munda, wosamutsidwa, wogwira thangata mu mgodi wa siliva wa Potosí womwe unatsegulidwa mu 1545, pomwe atsamunda anatenga mit'a ija nkuisandutsa ntchito yokakamiza, munthu wotereyo matenda akamupeza sachira.

Chizolowezi china chomwe ndinamuphunzitsa mwana uja ndi choti asanakhulupirire nkhani azifunsa kuti analemba ndani ndipo amafuna chani. Cortés analemba makalata kwa mfumu Charles V ali ndi mlandu wonyozera bwanamkubwa wa ku Cuba, nde amafunika kuoneka ngati ngwazi yomvera. Nkhani yoti Moctezuma anaganiza kuti Cortés ndi mulungu Quetzalcoatl imapezeka m'zolembedwa za zaka zambiri nkhondo itatha ndipo akatswiri ambiri masiku ano amaikayikira. Funani mawu a eni ake, alipo. Florentine Codex yomwe wansembe Bernardino de Sahagún anasonkhanitsa ndi akuluakulu ndi alembi a chi Nahua ili ndi mabuku 12 ndipo lomaliza likusimba nkhondoyo m'chi Nahuatl, zithunzi zake za odwala nthomba mutha kuziona pa intaneti. Ku Peru Guaman Poma analemba kalata ya masamba pafupifupi 1,200 ndi zojambula pafupifupi 400 kupita kwa mfumu Philip III cha m'ma 1615 kudandaula za nkhanza, inadzapezeka ku Copenhagen mu 1908. Ndipo pakati pa a ku Spain omwe panali otsutsa, Antonio de Montesinos analalikira modzudzula atsamunda ku Hispaniola mu 1511, Bartolomé de las Casas anatsutsana ndi Sepúlveda ku Valladolid mu 1550 pa funso loti kodi nkhondo yolimbana ndi anthuwa ndi yolungama. Mukamadabwa kuti bwanji mawu a eni ake ndi ochepa kumbukirani Maní mu 1562, pomwe wansembe Diego de Landa anatentha mabuku a a Maya, lero atsala anayi okha padziko lonse, ndipo zinatenga mpaka 1952 kuti Yuri Knorozov aonetse kuti zilembozo zimaimira maphatikizo a mawu, njira yomwe inadzatsegula kuwerenga miyala ija.

Chomaliza bwererani ku pepala lalitali lija, masentimita 5 otsala aja musawasiye opanda kanthu, chifukwa makope ambiri amatseka nkhani pa 1521 ndi 1533 ngati anthu anathera pomwepo. Lembani 1536, Manco Inca, mfumu ya a Inca, anazinga a ku Spain mu Cusco miyezi yambiri. Lembani 1572, pomwe Vilcabamba, likulu lomaliza la a Inca, linagwa ndipo mfumu yawo yomaliza Túpac Amaru anaphedwa. Lembani 1598, a Mapuche a ku Chile anagonjetsa a ku Spain pa Curalaba ndipo dziko lawo la kummwera kwa mtsinje wa Biobío linakhala m'manja mwawo mpaka zaka za m'ma 1880. Lembani 1680, a Pueblo a ku New Mexico motsogozedwa ndi Popé anatumiza othamanga ndi zingwe za mfundo kumidzi, tsiku lililonse kumasula mfundo imodzi kuti onse adzuke pamodzi, ndipo atsamunda anathamangitsidwa kwa zaka 12. Lembani 1697, pomwe Nojpetén, ufumu womaliza wa a Maya woima paokha ku Guatemala, unagwa, zaka 205 Columbus atafika. Kumapeto kwenikweni kwa mzere lembani kuti anthu mamiliyoni akuyankhulabe Quechua, oposa miliyoni imodzi Nahuatl, ziyankhulo za a Maya zilipo pafupifupi 30, ndipo Rigoberta Menchú wa mtundu wa K'iche' analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1992. Ngati foni ili ndi bandulo sakani Q'eswachaka, mlatho wa udzu wopota pa mtsinje wa Apurímac ku Peru womwe midzi yozungulira imaumanganso mwezi wa June chaka chilichonse ngati mmene zinkakhalira nthawi ya a Inca, azimayi kupota tizingwe, azibambo kuluka zingwe zikuluzikulu ndi kuzikoka kudutsa phompho. Mukatha kuonera phimbani pepala lija, mupatseni mnzanu nyemba ndi machesi, mumuuze kuti akuikireni 1697 ndipo akuuzeni chomwe chinachitika chaka chimenecho.